Ulendo Wanga wa Pandege Unathera M'munda wa Tiyi

Joyi, mwana wanga woyamba, ndi amene wandikakamiza kuti ndilembe zimenezi. Akuti pakamwa ndimathira mchere wambiri, koma ndikagwira cholembera mwina ndichita manyazi. Mwanayu sandidziwa bwino. Komabe ndalola, ana anga, chifukwa chipumireni pantchito ndimangokhala pakhonde pano pa Limbuli kuonerera njinga za kabaza, ndipo munthu amene ankandidula pakamwa ndikayamba kukokomeza, mayi wanu Esinati, kulibenso. Za ubwana wanga musandifunse. Ndinabadwa, ndinadwala chikuku, ndinathawa sukulu, basi. Moyo wanga unayamba tsiku limene ndinaona ndege pafupi.

Chaka chomwe ndinalowa ntchito

Ndinalembedwa pa esiteti ya tiyi ili m'tsinde mwa phiri ija, dzina mukulidziwa. Anandipatsa dengu kuti ndizithyola tiyi, koma ndinakhalako nyengo imodzi yokha, poti manja anga anali aulesi pomwe pakamwa pankagwira ntchito ya anthu atatu. Azimayi a mumzere mwanga ankaseka mpaka kuiwala kuthyola, madengu n'kumafika pasikelo opepuka. Tsiku lina kapitawo anandiitana nati, “Layisoni, iwe ndikakusiya pano fakitale itseka. Pita kubwalo la ndege uzikanamiza mbuzi.”

Ndikati bwalo la ndege musaganize za Chileka. Linali ngati msewu wautali wa dothi lofiira pakati pa minda ya tiyi, wotsetsereka pang'ono kuchokera kuphiri. Chapakati pake panali kachitunda, moti ukaima kumtunda sunkaona zochitika kuseri kwake. Kumtundako kunali shedi ya malata yosungiramo feteleza ndi migolo ya mafuta, komanso mtengo wopachikapo chisokosi chachikulu chosonyeza kumene mphepo ikulowera. Ntchito yanga inali kuthamangitsa mbuzi, kukwirira maenje a mfuko ndi kugumula tizulu ta chiswe. Miyezi yambiri ndinkangokhala ndekha ndi chisokosicho, ndipo nacho chinamva nkhani zanga zonse osatsutsa ngakhale imodzi.

Ndiye kunja kukatentha, mvula itatsala pang'ono, ndege inkabwera kudzawaza feteleza m'minda. Inali yachikasu, ya matayala awiri aakulu kutsogolo ndi kena kakang'ono kumchira, moti ikaima inkaloza mphuno kumwamba ngati munthu wonyada. Ife tinkasenza matumba n'kumakhuthulira m'mimba mwake, iyo n'kuthamanga chotsetsereka, kudutsa pakachitunda, kenako waiona ili pamwamba pa mabulugamu. Tsiku loyamba kuiona ikunyamuka ndinaiwala kutseka pakamwa mpaka fumbi linadzaza. Ndimauza anthu kuti ndinalavula njerwa ziwiri, koma inali imodzi.

Woyendetsa wake anali mzungu wachikulire wochokera kumwera. Tinkamutcha Bwana Mapazi, chifukwa asanakwere ankavula nsapato n'kuzisiya pakhomo la shedi, zitaikidwa bwinobwino ngati walowa m'nyumba ya apongozi. Anzanga ankamuopa, koma ine sindinkadziwa kukhala chete.

“Bwana, nsapatozi zakulakwirani chiyani?”

Chichewa chake chinali cha kukhitchini, chothyokathyoka. “Ndege kumwamba, munthu wabwino. Pansi, woledzera. Mchira ukadzuka, mphuno ifuna kumanzere, masiku onse kumanzere. Ine phazi lamanja, ponda, ponda, ponda. Nsapato sizimva.”

“Ndiye mukafuna wokuthandizani kuponda ndilipo. Mapazi angawa sanalawepo nsapato chibadwire.”

Anaseka mpaka kutsokomola. Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala munthu wake. Ndine ndinkapukuta galasi, kugwira paipi ya mafuta ndi kuchotsa miyala yotsekera matayala. Kumbuyo kwa mpando wake kunali kampando kena kothina, ka munthu woyenda naye pomuthandiza kulongedza, ndipo ndikamapukuta galasi maso anga ankakhala pakampando kameneko.

Zaka zomwe ndinkafunsira mayi wanu

Esinati ankathyola tiyi, ndipo ankakhala kulayini, nyumba za antchito zija, pamodzi ndi amayi ake ndi amalume ake a Jailosi, amene ankayendetsa thirakitala yokoka thanki ya madzi a kunazale. Ndinamuona koyamba pamsika wa Limbuli akugula kapulana, chitenje cha ku Milanje ku Mozambiki, akutsutsana ndi wogulitsa mosatekeseka mpaka wogulitsayo anatuluka thukuta. Ndinati uyu ndiye wanga. Koma munthu wothamangitsa mbuzi ungayambe bwanji? Ndinamuuza kuti ndimauluka tsiku lililonse. Ndinati Sapitwa, nsonga ya phiri lija, ndimamuona pakati pa mutu ngati dazi la agogo. Ndinati kukacha bwino timaona nyanja yamchere ya ku Mozambiki, nsomba zake zazikulu ngati basi. Ndinati dzulo tadutsa pamwamba pa nyumba yanu, ndaona kuti nandolo amene mwayanika uja nkhuku zikudya.

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. “A Layisoni, nandolo sitinayanike. Tayanika makaka.”

“Kumwamba zimaoneka zofanana.”

“Inu mukununkha feteleza ndi mbuzi. Anthu ouluka amanunkha chonchi?”

Sanandikane, komanso sanandilole. Ananena mawu amene anandisowetsa tulo zaka ziwiri: “Tsiku limene ndidzakuoneni ndi maso angawa mwachoka pansi, mudzatume amalume anu kwathu. Pakadali pano ndinyamulireni chinanazichi.” Ndinanyamula.

Chaka chotsatira kunali vuto la mafuta m'dziko muno. Magalimoto ankagona pamizere, ndipo ndege sinabwere n'komwe. Feteleza wochepa amene anapezeka tinamwaza ndi manja, zala kusupuka, ine ndikuyang'ana kumwamba ngati nkhuku yomwa madzi. Nthawi yomweyo kalaliki wina wa pasikelo, wa njinga yatsopano ndi malaya ositidwa, anayamba kuzungulirazungulira kulayini. Ndinamuuza Esinati kuti ndege ili ku galaja ku Joni, akuiika mpando wa sofa chifukwa cha ine. Anangoti, “Ikabwera mudzandiuze. Njinga ija ndiye ndaiona kale ikuyenda.”

Chaka chomwe ndege inabweranso

Itabwera, Bwana Mapazi anali yekha. Munthu amene ankayenda naye pakampando kaja anali atakalamba n'kubwerera kwawo. Tinagwira ntchito milungu ingapo, ndipo tsiku lina masana tikupuma pamthunzi wa phiko anandifunsa ngati ndili ndi mkazi. Ndinati ndili ndi theka. Anati akufuna munthu woyenda naye kuminda ya nzimbe kuchigwa, kenako kumpoto, mwinanso kunja kwa dziko, kulikonse kumene ndege ikaitanidwe. Koma choyamba aone ngati sindisanza. “Tsiku lomaliza, feteleza atha, ndege yopepuka. Iwe kumbuyo. Tizungulira phiri. Ukasanza, utsuka wekha.”

Ana anga, ndanena mabodza ambiri m'moyo, koma sindinaganizepo kuti limodzi lingasanduke zoona pamaso panga. Ndinathamanga mpaka kulayini. Ndinauza Esinati yekha, monong'ona, kuti Loweruka adzaime m'mbali mwa bwalo. Pofika Lachisanu nkhani inali itafika ku Milonde, ndipo ku Chinakanaka ankanena kuti ndine ndikayendetse, mzunguyo akangokhala kumbuyo. Imeneyo sindinayambitse ine, ngakhale sindinaitsutse.

Loweruka m'mamawa ndinayenda bwalo lonse monga mwa masiku onse, Bwana Mapazi ali pambuyo panga. Panali pouma gwa, fumbi lofika m'kakolo. Tinabwerera kushedi kukatsuka ndege ndi kuthira mafuta, ine n'kuyamba kudzikonza. Ndinabwereka ovololo kwa makaniko wa kufakitale ndi magalasi akuda kwa mlonda, galasi limodzi losweka. Zimene zinkachitika kuseri kwa kachitunda sitinkazidziwa.

Kuseriko kunali kutadzaza anthu, onse mbali imodzi, yakumanzere, poti ndi kumene kunali mthunzi wa mabulugamu ndi njira yochokera kulayini. Anabwera ndi mipando ya kutchalitchi ya akuluakulu. Azimayi a kumpingo anavala mabulauzi oyera ndi mipango yoyera, chifukwa amayi ake a Esinati anawauza kuti munthu wopita kumwamba, ngakhale abwerera, amafunika nyimbo. Ndiye inu mukudziwa mwambo wa kwathu kuno. Pakhale ukwati, pakhale gule, abwere abusa aakulu, sitikhazika alendo pafumbi. Timawaza madzi n'kusesa. Azimayi aja ankadziwa fumbi limene ndege imatulutsa ikamathamanga, anayang'ana mabulauzi awo, n'kuyamba kutunga kukhwawa ndi ndowa. Ataona kuti dothi likungomwa, amayi ake a Esinati anatuma mwana kwa mchimwene wawo. A Jailosi anabwera ndi thirakitala, n'kutsegula thanki yonse ya kunazale m'mbali mwa bwalo kutsogolo kwa alendo, n'kukatenganso ina. Sanathire pakati ndi kumanja, poti kumeneko kunalibe munthu woti adetsedwe. Dzuwa la nyengo imeneyo linaumitsa pamwamba msanga, azimayi n'kudutsapo ndi matsache mpaka mizere yokongola kuoneka. Pamwamba panali ngati pakhomo pa mfumu. Pansi pake linali phala.

Bwana Mapazi anavula nsapato, n'kundimanga malamba pakampando kaja mpaka mpweya kuvuta. Injini italira, mano anga anayamba kuombana okha. Tinayamba kuyenda, poyamba ngati ngolo, kenako ngati minibasi ya dalaivala wokwiya, kenako liwiro limene ndilibe nalo fanizo. Tiyi mbali zonse anasanduka nsalu imodzi yobiriwira. Ndinamva mchira ukudzuka pansi panga, thupi langa n'kupepuka, ndipo ndinaona phazi lamanja la Bwana Mapazi likuponda monga ananenera. Tinafika pakachitunda, ndege inachita ngati yadumpha, ndipo kutsogolo kumanzere ndinaona mzere woyera wa azimayi akuvina. Ndinakweza dzanja kuti Esinati andione.

Dzanjalo silinafike pamwamba. Tayala lakumanzere linalowa m'phala muja, ndipo zinali ngati chimunthu chagwira ndege mwendo umodzi. Mphuno inakhotera kumanzere, kuloza anthu. Matope ofiira anamenya galasi. Ndinaona phazi lija litaponda mpaka pansi, zala zake zitayera, koma ndege sinamve. Kumanja kouma tayala likuthamanga, kumanzere likukokedwa, mchira n'kuyamba kubwera cham'mbali kufuna kupitirira mutu. Bwana Mapazi anakoka chitsulo cha mafuta, injini n'kutsika mawu, n'kumaponda buleki yakumanja akulankhula chinenero cha kwawo chimene sindikhulupirira kuti chinali pemphero. Nyimbo ija inaduka pakati. Mabulauzi oyera anamwazika ngati akakowa. Tinadutsa kumapeto kwa mzere wa anthu, phiko n'kumenya mpando umene mkulu wa mpingo anali atangochokapo, kenako tinalowa m'tiyi cham'mbali, mitengo ikulira pansi pathu, mpaka tinaima.

Ndikamafotokoza pamowa ndimati tinazungulira kasanu ndi kawiri. Mayi wanu ankati theka. Lembani theka.

Kunali zii. Ndinkangomva madzi akudontha penapake ndi fungo la masamba ophwanyika. Tiyi wodulidwa bwino amakhala ngati tebulo, ndipo ndege inali itakhala pamwamba pa tebulolo, mwendo umodzi utapindika, pulopela ija imazungulira kumphuno itakhota ngati khasu lakale. Bwana Mapazi anatembenuka, magazi pang'ono pamphumi. “Iwe wamoyo?” Ndinati, “Bwana, sindinasanze.” Palibe amene anafa kapena kuthyoka, kupatula mpando uja. Titatsika, anayenda wopanda nsapato mpaka pamene tayala linalowera, anaponda, phazi n'kumira mpaka m'kakolo. Anayang'ana mizere ya tsache ija nthawi yaitali, kenako anayang'ana azimayi ataima patali ndi ndowa zawo, matope ali m'mabulauzi.

Lolemba lake, ku ofesi

Manijala wa nthawi imeneyo tinkamutcha Bwana Tsabola, ndipo dzinalo sanalipeze mwangozi. Uthenga unafika Lamlungu kulayini kuti aliyense amene anagwira ndowa kapena tsache pabwalo paja, pamodzi ndi amene anatenga thanki popanda chilolezo, ntchito yatha ndipo atuluke m'nyumba za kampani. Kumbukirani kuti inali nyengo ija mvula isanagwe, chakudya chitatha m'nyumba zambiri. Ambiri mwa azimayi aja makolo awo anachokera kutsidya kwa malire kalekale, ndipo analibe munda kapena mudzi woti abwerereko. Kwawo kunali kulayini komweko.

Ndisanalowe mu ofesi, Bwana Mapazi anandikokera pambali. “Iwe unali ndi ine m'mawa wonse. Ine ndinena. Iwe ulibe mlandu. Ndege ina ibwera kuchigwa, mpando ukadali wako.” Ndinamuthokoza, mtima n'kukhala pansi. Ndinali nditalawa kale kupepuka kuja mchira utadzuka, ndipo ndinkakufunanso kuposa chakudya.

Ndiye potembenuka ndinaona pansi pa mtengo wa mango wa paofesi. Azimayi anali atakhala pansi mwakachetechete, miyendo yotambasula. A Jailosi anaima chapatali, chipewa chili m'manja, munthu amene anayendetsa thirakitala imeneyo ine ndisanamere mano. Amayi ake a Esinati anali atabwera ndi katundu womangamanga kale m'chitenje, mphika ukuonekera pamwamba, kuti akauzidwa asachite kubwereranso kukachita manyazi kulayini. Esinati anakhala pambali pawo. Sanandiyang'ane mondipempha, ayi. Anangoyang'ana mapazi ake. Anthu amenewa anatunga madzi m'mawa wonse kuti ine, wothamangitsa mbuzi, ndinyamuke mwaulemu.

Bwana Tsabola anali atakhala kuseri kwa tebulo, Bwana Mapazi ataima pazenera, kapitawo pakhomo. Funso linali limodzi, ndani analamula madzi. Ndinamva pakamwa panga pakutseguka pokha monga pamachitira masiku onse.

“Ndine, bwana.”

“Iwe unali kushedi.”

“Ndinalamula Lachisanu. Ndinapita kwa a Jailosi n'kuwauza kuti a manijala anena kuti mawa thanki ipite kubwalo. Azimayi ndinawauza kuti mzungu wa ndege amadwala chifuwa, safuna fumbi, ndipo amene sabwera ndi ndowa adulidwa tsiku. Iwo anangomvera.”

“Unagwiritsa ntchito dzina langa?”

“Ndi lokhalo limene limayendetsa thirakitala, bwana.”

Anafiira mpaka m'makutu. Anafunsa kapitawo ngati munthu angathe kunama bodza lotere. Kapitawo anati, “Bwana, uyu anauzapo anthu kuti anamenyana ndi nyalugwe pa Muloza n'kumulanda mbuzi. Ili ndi laling'ono.” Ndi tsiku lokhalo limene mbiri yanga inandigwirira ntchito. Atandifunsa chifukwa chake ndinachita zimenezi, ndinati ndinkafuna kunyamuka ngati bishopu. A Jailosi ataitanidwa anatsegula pakamwa kuti atsutse, ine ndinawapondereza ndi mawu: “Amalume, musanditeteze, ndaulula kale.” Anatseka pakamwa.

Bwana Mapazi sanachoke pazenera. Ankadziwa kuti Lachisanu lonse ndinali naye mpaka dzuwa kulowa. Anandiyang'ana, ine ndinamuyang'ana, ndipo anatembenukira panja kumene kunali azimayi aja. Atalankhula, anangopempha kuti asandichotse ntchito, andipatse ina kutali ndi bwalo. Bwana Tsabola anavomera monyinyirika. Ananditumiza kunkhalango ya mabulugamu ya cha ku Milonde, kukadula nkhuni za kufakitale. Azimayi anauzidwa kuti abwerere kumunda. Chitenje cha mphika chija chinabwerera kulayini pamutu.

Panja Bwana Mapazi anandipeza. “Munthu woononga bwalo, eni ndege sangalole. Iwe ukudziwa?”

“Ndikudziwa, bwana.”

“Iwe chitsiru.”

“Ndi zimene amanena onse.”

Anapita kushedi, anatenga nsapato zake zija zomwe zinali zikadali pakhomo kuyambira Loweruka, n'kundipatsa. Anakwera lole yonyamula zidutswa za ndege ali wopanda nsapato. Sindinamuonenso.

Zaka za kunkhuni ndi zotsatira zake

Patapita milungu iwiri ndili kunkhalango, matuza ali m'manja monse, ndinaona munthu akubwera m'kanjira atasenza kambale. Anali Esinati, atabweretsa nyemba za kalongonda zophika. Anakhala pachitsa, ine pachitsa china.

“Ndinaona,” anatero.

“Munaona chiyani? Manyazi anga?”

“Pakachitunda paja. Matayala anachoka pansi.”

“Zoona?”

Anakweza chala chimodzi n'kuchigoneka chopingasa. “Chonchi. Osapitirira apa, musayambe. Tumani amalume anu.”

Inu mukudziwa kuti mayi wanu sankanama, ngakhale pamtengo wa tomato. Ndiye ndinakhulupirira. Ndinakwatira nditavala nsapato za Bwana Mapazi, zazikulu moti ndinaikamo nyuzipepala kutsogolo. Apongozi anga, malinga ndi mwambo, sankandiyang'ana kumaso kapena kudya nane pamodzi. Koma tsiku lina ndikusamba m'manja kuseri kwa nyumba ndinamva mawu awo kuchokera kukhitchini, akulankhula ngati akuuza nkhuku: “Madzi aja tinathira ndi mtima wabwino.” Ine ndinayankha ngati ndikuuza mtengo wa papaya: “Ndi bwalo lokongola kwambiri limene ndinagwerapo.” Ndinawamva akuseka chamumtima. Nkhaniyo sitinaitchulenso mpaka anamwalira.

Kunkhuni ndinakhalako zaka zambiri. Kenako anandisamutsira kufakitale kukasonkhezera moto woumitsira tiyi, kumene ndinataya nsidze kangapo, ndipo maondo atayamba kuvuta anandiika pageti, pomwe ndinapumira. Mabwana anabwera n'kupita, ena abwino, ena oti ukawapatsa moni amayang'ana wotchi. Bwana Tsabola atachoka, amene anabwera pambuyo pake sankadziwa n'komwe kuti ndine munthu woletsedwa kufika kubwalo. Koma pofika nthawiyo ndege zinali zitayamba kubwera mwa apo ndi apo, oyendetsa ake anyamata ovala nsapato, kenako zinasiyiratu. Pabwalo paja anadzalapo mitengo ya makademiya. Kachitunda kokha ndi kamene kakadalipo, mukapita mukakaona pakati pa mizere.

Sindinama kuti sindinkadandaula. Chaka chilichonse kunja kukatentha, nyenje zikayamba kulira, makutu anga ankakhala kumwamba. Ndikamva kulira kwa injini ndinkasiya nkhwangwa kapena fosholo n'kutuluka panja, nthawi zambiri n'kupeza kuti ndi njinga yamoto. Ndinkaganiza za kuchigwa, za kumpoto, za dazi la Sapitwa limene ndinalifotokozera anthu ambirimbiri koma osaliona. Mayi wanu ankadziwa. Masiku otero sankanditsutsa kwambiri, ndipo ndi pamene chala chake chija chinkakula. Inu muli aang'ono anakuuzani kuti ndinachoka pansi kutalika kwa mkono. Mwana wathu Dalitso atayamba sukulu unali msinkhu wa munthu. Paukwati wa Joyi ndinamumva ndi makutu anga akuuza azimayi a kuchimuna kuti bambo a mwanayu anapitirira mabulugamu. Ndinamukoka chitenje n'kunong'ona kuti mayi, mukundilanda ntchito. Anati, “Khalani chete, abambo a Joyi, munali m'kati inu, munaona chiyani?”

Chaka chathachi

Dalitso, uthenga wako wa pafoni ndinaulandira, woti ukufuna kundigulira tikiti ya ndege ndidzakuone ku Joni. Sindinakuyankhe msanga, ndipo mlongo wako akuti ukuganiza kuti ndikuopa. Munthu amene anagwa ndi ndege m'tiyi n'kutuluka osasanza angaope chiyani? Ndibwera. Koma ndimati ndikaganiza zotsika pa Chileka pobwerera, n'kufika pakhonde pano n'kuyamba kunena kuti ndinatulutsa dzanja pazenera n'kubudula mtambo, palibe woti anene kuti lembani theka. Ndi chimene chikundichedwetsa.

Mayi wanu atadwala, masiku omaliza aja tikumugoneka pamphasa pakhonde kuti apitidwe mphepo, tsiku lina masana kunadutsa kandege kakang'ono kuloza kuphiri. Tonse tinakatsatira ndi maso mpaka kanabisika. Ndiye ndinamufunsa chimene ndinkaopa kufunsa zaka zonsezi.

“Amake Joyi, tandiuzani zoona tsopano. Chala chija chinalipo?”

Anati, “Ine ndinali nditatsinzina.”

“Nthawi yonse?”

“Kuyambira injini italira. Ndinkadziwa kuti mukangochoka pansi, mwapita. Kuchigwa, kaya kuti. Sindinafune kuonerera.”

“Ndiye munandinamiza.”

“Kamodzi kokha. Inu kangati?”

Ndinamukonzera chitenje kumapazi.

Anatisiya m'nyengo yomwe ija, kunja kukutentha, mvula isanagwe. Tsiku loika maliro munalipo, koma munali otanganidwa ndi alendo, mwina simunaone zimene ndikufuna kunenazi. M'mawa, bokosi lisanatuluke m'nyumba, azimayi a kumpingo anafika ndi mabulauzi awo oyera, ndipo atsikana anayamba kuwaza madzi m'njira yochokera pakhomo kupita kumsewu. Ankathira mbali yakumanzere yokha, imene kunaikidwa mipando, poti ndi kumene kunali alendo. Ndinali nditakhala pamkeka ndi azibambo, nsapato za Bwana Mapazi zili kumapazi, zong'ambika kale koma zopolishidwa. Ndinadzuka, anthu n'kumaganiza kuti chisoni chandizunguza mutu. Ndinapita kwa mtsikana wa ndowa n'kumuuza kuti, “Mwanawe, thira mbali zonse ziwiri. Mayi akunyamuka apa, asakhote.”

Mtsikanayo anangondiyang'ana, osamvetsa. Koma pakati pa azimayi oyera aja panali gogo wina wa kulayini, amene anali ndi tsache m'manja Loweruka lija. Anaseka kamodzi, n'kudzigwira pakamwa ndi mpango, misozi ikutsika. Kenako anadzuka ndi ndodo yake, analanda ndowa ija, n'kuwolokera yekha kumanja.